Modesita wa a Nyakaluwa

Mukadzafika pa Uliwa n'kufunsa dzina la maluwa achikasu amene ali pafupifupi pakhomo lililonse m'mbali mwa msewu, adzakuuzani kuti ndi modesita. Dzina la m'mabuku lakuti hibisikasi ankavutika nalo ndi alangizi a zaulimi okha, ndipo palibe amene ankawamvera. Koma amene anabweretsa maluwawo kuderali sanali Modesta ayi. Anali Hilda Nyakaluwa, mkazi wa a Manase atelala, ndipo nkhani ya dzinali inamudya mtima mayiyu monga chiswe chimadyera nsichi.

Hilda anakautenga mtengowo ku Tukuyu, kutsidya kwa Songwe, komwe anapita ku maliro a malume ake. Masiku amenewo kuwoloka malire sanali masewera. Anzake pobwerera anabisa zitenje pansi pa mikoko ya nthochi, koma iye anasenza chitini cha mkaka chodzaza dothi, pakati pake pali kamtengo kosaposa chala. Anyamata a chipani anamuimitsa panjira, anamufunsa khadi, anamufunsa za chitinicho, ndipo mmodzi anapisa chala m'dothimo kuti aone ngati pansi pake panabisidwa kanthu. Atapeza kuti ndi dothi lokhalokha anamuseka, n'kumuuza kuti azipita ndi kankhuni kakeko. Nkhani imeneyi Hilda ankaikonda kwambiri, ndipo nthawi iliyonse akamaibwereza anyamata aja ankachuluka.

Kamtengoko anakabzala kuseri kwa nyumba, pansi pa mango, n'kukatchingira ndi bango. Ankati akuopa mbuzi, koma zoona zake ankaopa maso a anthu. Chinthu chimene wachivutikira chotero sungachiike pamsewu kuti aliyense wodutsa azichiona mwaulere. Mtengo unakula ndithu, wowonda, wautali, masamba ake obiriwira chaka chonse, ngakhale mu Okutobala pamene dziko la Karonga limachita kuyaka. Maluwa okha ndiwo ankabwera mwa apo ndi apo, limodzi lero, lina mwezi wamawa. Duwa lake linali ngati la therere, koma lalikulu ngati chikhatho, lopindikapindika, lachikasu, pakati pake pofiira. Linkatseguka m'mawa, pofika mawa lake n'kuti litagwa. Njere silinkabala, choncho wofuna mbewu ankayenera kupempha nthambi, monga timachitira ndi chinangwa. Ndipo aliyense wopempha ankalandira yankho limodzi lomwelo, lakuti mtengowo ukadali wanthete. Unakhala wanthete zaka zambiri.

Kenaka kusukulu kunabwera Modesta, mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Mulanje. Chitumbuka sankadziwa ngakhale cha moni, kutentha kunkamuliza, ndipo kondowole, nsima ya chinangwa ija, ankachita kumeza ndi madzi ngati mankhwala. Tsiku lina anabwera kwa Hilda kudzagula mazira, ndipo potsatira mwini nyumba ku khola anapeza duwa limodzi litatseguka. Anaima pomwepo osaphethira. Anati kwawo ku minda ya tiyi ofiira aliko, koma lachikasu lopindika chotere anali asanalionepo chibadwire.

Hilda anamva kukoma. Kachisoni kanalipo, poona mwana wa eni ali yekhayekha kutali ndi kwawo, koma kunyada ndiko kunachuluka. Mtsikanayo atapempha nthambi, Hilda anaganiza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiponso mumchenga wa kusukulu uja simungamere kanthu. Anasankha kanthambi kowonda kuposa tonse n'kumupatsa.

Mame aja sanakamuke msanga. Modesta anabzala kanthambiko kumaso kwa nyumba yake, padzuwa penipeni, moyang'anana ndi msewu waukulu, pamalo pomwe ankatayira madzi otsukira mpunga. Ankathirapo zitosi za nkhuku zowolerana, ndipo kamtengo kakangotalika pang'ono ankakatsina nsonga kuti kaphukire m'mbali. Patadutsa mvula ziwiri panali chitsamba chachikulu ngati nkhokwe, maluwa ali mbwee m'mawa uliwonse. Anthu a m'basi ankachita kupotoza makosi. Ndipo mtsikanayo, poti analibe nzeru zosunga chinthu, sankakaniza munthu. Wopempha aliyense ankamudulira nthambi yokhwima, yonenepa ngati pensulo, n'kumuuza kuti aiyoyole masamba, aizike chopendeketsa, ndipo asaiiwale madzi mpaka itaphukira.

Tsono anthu a kuno ali ndi khalidwe lawo. Mbewu ikabwera yachilendo, kaya ndi chinangwa, kaya nthochi, kaya mpunga, safunsa dzina lake. Amaitcha dzina la munthu amene anawapatsa, ndipo dzinalo limakhala ngakhale mwini wake atalowa m'manda. Hilda khalidwe limeneli ankalidziwa bwino lomwe, koma sanaganizepo kuti lingadzamulume iyeyo.

Analimva koyamba pa mjigo. Eliness, mnzake wa ku Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, anali kuuza anzake mokondwa kuti, "Modesita wane wamera."

Hilda anafunsa kuti Modesita ameneyu ndi mwana wa ndani, ndipo wamera chiyani, mano kapena. Amayi onse anafa ndi phwete. Atamufotokozera, Hilda anasekanso nawo, chifukwa pagulu munthu umaseka, koma chidebe chake anachisenza chisanadzaze.

Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti dzina loyenera linalipo kale, lokonzeka, losafuna kusoka. Bambo ake anali a Kaluwa, n'chifukwa chake iye ankatchedwa Nyakaluwa, ndipo kaluwa m'Chitumbuka ndi kaduwa. Munthu wobadwa ndi dzina la duwa, wowoloka Songwe ndi duwa pamutu, wofunsidwa mafunso ndi anyamata a chipani chifukwa cha duwa, lero duwalo likutchedwa dzina la mtsikana amene anangobwera kudzagula mazira. Hilda anachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndipo sanayese n'komwe kuitcha dzina lina.

Anayamba ndi kufotokoza. Kumsika, ku chigayo, pa maliro, paliponse pamene pakhala amayi, nkhani ya chitini cha mkaka inkatuluka. Anthu ankamvetsera mwaulemu, n'kuvomera kuti inde, zoona, a Nyakaluwa ndi amene anabweretsa modesita. Lamulungu lina amayi a Umanyano anakongoletsa guwa ndi maluwawo, ndipo abusa polengeza anathokoza amayi chifukwa cha modesita wokongola. Hilda anali atavala bulauzi yake yoyera, ali pa benchi ya kutsogolo, ndipo nyimbo yotsatira sanaimbe nawo.

Modesta mwini wake dzinalo linkamuchititsa manyazi. Wopempha aliyense ankamuuza kuti mtengowo si wake, anautenga kwa a Nyakaluwa, ndipo ukulu wonse ndi wawo. Koma kukonza kwakeko kunangoonjezera mchere pachilonda. Anthu anayamba kusiyanitsa: panali modesita wa kusukulu, modesita wa kuchipatala, ndi modesita wa a Nyakaluwa, uja wosachita maluwa uja. Hilda akamva kuti mphunzitsi uja wamutchulanso, ankaona ngati akumugawira nyenyeswa za chakudya chake chomwe. Kudzichepetsa kwa munthu amene ukumuchitira nsanje kumapweteka kuposa matama ake.

Ndiye panabwera za a Manase. Bamboyu ankasoka pakhonde la golosale ina pa Uliwa pomwepo, munthu wofatsa, wosadziwa kuti mawu ena salowa nawo m'nyumba. Tsiku lina anapita kukapereka madiresi a ana a sukulu, n'kubwerako ndi nthambi. Sanaganize zopempha kwa mkazi wake, popeza ankadziwa kuti wa kunyumba ukadali wanthete. Anabzala pafupi ndi khonde lake, anatchingira ndi njerwa, ndipo posakhalitsa amuna a pa bawo anapeza choseketsa. Ankati a Manase ali ndi Modesita wawo pa golosale, amamusambitsa m'mawa uliwonse, ndipo akunenepa bwino.

Hilda ankadziwa kuti mwamuna wake sangathe n'kuyang'ana komwe mkazi wa eni kumaso. Sinali nkhani ya chibwenzi ayi. Koma tangoganizani kukhala pa mphasa ndi mwamuna wako, iye n'kumadandaula kuti Modesita sanamwe madzi lero, kapena kuti mbuzi za anzawo a Chakufwa zamuluma Modesita. Tsiku lina Hilda anaika pansi mbale ya usipa mwamphamvu.

"Adada, m'nyumba muno muli mkazi mmodzi, ndipo dzina lake mukulidziwa. Mtengo uja ndi wanga. Ndinausenza ine pamutu pangapa."

A Manase anamuyang'ana modabwa, nati iwo sakutsutsa, aliyense akudziwa kuti modesita anabwera ndi iye. Kenaka anapitiriza kudya, akuganiza kuti nkhani yatha bwino.

Hilda anaona kuti pakamwa palephera, ndiye anaganiza zopambana ndi maluwa. Mtengo wake ukanachita maluwa kuposa wa kusukulu, anthu akanadziwa kuti mayi ndi uti, mwana ndi uti. Anauthira madzi m'mawa ndi madzulo mpaka pansi panachita matope. Anatapa feteleza wa chimanga cha a Manase n'kumwaza patsinde. Mtengo unathokoza ndi masamba, akuluakulu, onyezimira, opanda duwa ndi limodzi lomwe. Modesta atadutsa tsiku lina anauyang'ana, anayang'ananso m'mwamba, n'kunena mwaulemu, m'Chitumbuka chake chopunduka chija, kuti mtengowo ukungofuna dzuwa basi, atasadza nthambi za mangozo zinthu zisintha. Hilda anamwetulira, nati mwana saphunzitsa mayi ake kuyamwitsa. Mango sanawakhudze, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi chokha, chakuti amene ananena ndi Modesta.

Zaka zinapita motero. Modesita anafika ku Chilumba, anakwera ku Nyungwe, ena anamuona pa Boma penipeni kumaso kwa maofesi. Hilda akakwera basi ankakhala mbali ya pakati, kuti asamaone m'makomo mwa anthu.

Mu 1989 kunamveka lamulo lakuti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwawo. Anthu ankalinena monong'ona, atayang'ana kaye kumbuyo, chifukwa masiku amenewo ngakhale mpanda unali ndi makutu. Ana a kuno amene ankaphunzitsa kumwera anayamba kufika ndi katundu wawo, nkhope zili zakugwa, ndipo a kumwera amene anali kuno anauzidwa kuti amange mitolo. Modesta anali mmodzi wa iwo. Pa Uliwa anthu anadandaula kwambiri, popeza mphunzitsiyu anali atasanduka wa pompano, kondowole akudya ndi manja awiri. Hilda anadandaula nawo pakamwa. Mumtima munali chimwemwe chimene iye mwini anachita nacho manyazi pang'ono, koma osati kwambiri.

Sabata yomaliza anthu ankapita kukatsanzika, ndipo aliyense ankatuluka ndi nthambi ya chikumbutso. Pofika Lachinayi chitsamba chija chinali chitatsala chitsa ndi timphukira tanthete. Masana a tsiku lomwelo Modesta anafika kwa Hilda, anagwada pakhomo monga mwa mwambo wa kuno, nanena kuti basi yake ndi ya mawa m'mawa, ndipo wabwera kudzapempha nthambi zoti akabzale kwawo ku Mulanje. Anati wake uja anthu amumaliza, komanso ngakhale akanatsala, iye ankafuna za pamtengo weniweni, umene unawoloka Songwe.

Hilda anavomera msanga, mwinanso msanga kwambiri. Anati adula m'mawa kuti zisafote, ndipo akakumana pokwerera basi. Koma mlendo atangotembenuka, mutu wake unayamba kuyenda ulendo wautali. Anaona nthambi zake zikutsika pa Mulanje, zikumera, zikugawidwa kwa aliyense wopempha monga mwa chizolowezi cha mtsikanayo. Anaona maluwa ake ku Thyolo, ku Limbe, ku Zomba, dziko lonse lili chikasu, ndipo pakamwa pa munthu aliyense pali dzina limodzi lomwelija. Karonga anamulanda kale, tsono amupatsenso Malawi yense ndi manja ake?

M'mawa mwake anatereka madzi a tiyi monga mwa masiku onse. Anatenga mpeni n'kudula nthambi zabwino kuposa zonse, zokhwima, zowongoka, zoti munthu wodziwa akaziona ayamikire. Anaziyoyola masamba. Madzi atawira, anayang'ana pakhomo, n'kuona kuti a Manase anyamuka kale ndi makina awo. Anaviika nthambizo mumphika, mbali imodzi, kenaka anatembenuza n'kuviika mbali inayo, kuti pasatsale diso lophukira ndi limodzi lomwe lamoyo. Ali mwana anamvapo za anthu oipa mtima amene amakazinga mtedza asanapatse mnzawo mbewu, ndipo ankadabwa kuti munthu angafike bwanji pamenepo. Tsopano anaona kuti sipatali. Nthambi zitazizira anazipaka matope kunsonga, anazikulunga bwinobwino m'masamba a nthochi, n'kumanga ndi luzi. Mtolo wake unali wokongola, woti aliyense aone kuti a Nyakaluwa ndi mayi wa mtima wabwino.

Pokwerera basi panali anthu ngati pa ukwati. Ana a sukulu ankaimba, amayi a Umanyano ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje, katundu akukwezedwa pamwamba. Modesta analandira mtolowo ndi manja awiri, ndipo anakana kuti uikidwe pamwamba ndi matumba a mpunga. Anati ukhala pamiyendo pake mpaka ku Mulanje, ndipo paliponse pamene basi iime aziwuwaza madzi. Atakhala pampando anatsegula zenera n'kukodola Hilda kuti asendere pafupi.

"A Nyakaluwa, kuno dzina linalakwika, ndipo ndinayesetsa kulikonza koma ndinalephera. Lakhala likundiwawa zaka zonsezi. N'chifukwa chake ndinafuna za pamtengo wanu. Kwathu ndikangofika ndikanena kuti duwa ili dzina lake ndi nyakaluwa. Kumeneko sakudziwa kanthu, adzangolandira. Mudzamva nokha, lidzafika mpaka ku Limbe."

Hilda anayang'ana mtolo uja uli pamiyendo pa mnzake, luzi lake lomangidwa bwino lija. Nyumba yake sinali patali, nsonga ya mango inkaoneka kuchokera pomwepo. Dalaivala anali ataliza kale injini.

"Asambizgi, dikirani pachoko," anatero Hilda kwa mphunzitsiyo, Chichewa ndi Chitumbuka zikusakanikirana. "Zimenezo zachepa. Ndithamange ndikadule zinyake, sindichedwa."

Modesta anaseka misozi ili m'maso, nagwira dzanja la Hilda pazenerapo.

"Zakwana, amama. Mwaiwala kodi? Kanthambi kamodzi kokha kaja kanadzaza Uliwa yense. Mtengo wanu sukana."

Kunali kotheka kuti Hilda aulule. Mawu ake anali ochepa, ndipo anafika mpaka pa lilime. Koma Eliness anali pambali pake, abusa anali kumbuyo kwake, ndipo Uliwa yense anali pomwepo akumuyang'ana mayi wopatsa uja. Kondakitala anamenya chitseko, basi inasuntha, dzanja la Modesta linapulumuka m'dzanja lake. Hilda anabayibitsa pamodzi ndi anzake mpaka basi inakhota.

Atafika kunyumba anapeza madzi aja akadali ofunda mumphika, ali ndi kamtundu kobiriwira. Anakawataya kudzala. Tiyi tsiku limenelo sanamwe. Anaganizapo zotumiza nthambi zina, koma Mulanje ndi dziko lalikulu, mudzi wa Modesta sanaufunsepo dzina pa zaka zonsezo, ndipo kukafunsa kusukulu kukanabala funso lakuti zoyamba zija zinatani. Anadziuza kuti afunsa sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo sinafike.

Madzulo a tsiku la basi lija anauza a Manase kuti abwereke nkhwangwa asadze mango aja. A Manase anadabwa, popeza nkhaniyo anaitchulapo kangapo n'kukalipiridwa, koma anali munthu wodziwa kuti mwayi ukabwera sufunsidwa mafunso. Bango lija nalonso Hilda analizula. Mvula itagwa mtengo wakale uja unachita maluwa ngati ukubweza zaka zonse zimene unakhala mumthunzi, ndipo anthu odutsa pa kanjira ka ku chigayo anayamba kuima. Wopempha sankabwezedwanso. Hilda ankadula nthambi yokhwima, n'kumuuza munthuyo kuti aizike chopendeketsa, padzuwa, ndipo asaiiwale madzi. Iwo ankawomba m'manja n'kunena kuti yewo chomene, modesita wa a Nyakaluwa ndiye weniweni. Hilda sankawakonzanso.

Chizolowezi chimodzi chokha ndicho anatsala nacho mpaka ukalamba wake. Pa Uliwa pakafika munthu wa kumwera, kaya ndi namwino watsopano, kaya wapolisi, kaya dalaivala wa lole amene waima kuti adye, Hilda ankapeza njira yomufikira. Ankayamba ndi moni, ndi za ulendo, ndi za kutentha kwa kuno. Kenaka ankafunsa, ngati nkhani yongodutsa, ngati cha ku Mulanje kuli duwa lina lachikasu, lopindikapindika, lofiira pakati, lotchedwa nyakaluwa. Mwina diso limodzi linapulumuka, madzi aja mwina sanafike pakati penipeni pa nthambi. Alendowo ankaganiza kaye mwaulemu, ena n'kufunsa kuti abwerezenso dzinalo. Kenaka ankapukusa mutu, n'kunena kuti sanalimvepo.